Framework yomwe ndinalemba ndekha mu 2012 yakalamba. Ndiipumitse bwanji osapweteka masukulu omwe akuidalira?

WaKuBiwi analemba:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kwa nthawi ndithu, ndipo ndikufuna nzeru kwa amene anadutsamo kale.

Ndimapanga masisitimu a masukulu apulaiveti muno mu Lilongwe, ena ku Mchinji ndi ku Dedza, kuphatikizapo ka SACCO kamodzi ka aphunzitsi. Onsewa akuyenda pa framework (khodi ya maziko yomwe mapulogalamu amamangidwapo) ya chilankhulo cha makompyuta cha PHP, yomwe ndinaiyamba ndekha mu 2012. Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti bwanji sindinangotenga framework yodziwika monga CodeIgniter yomwe inalipo kale kuyambira 2006, kapena Laravel yomwe inali itangobadwa mu 2011. Ndiyankhiretu. Nthawi imeneyo intaneti inali ya pa dongle, hosting yomwe makasitomala anga ankakwanitsa inali ya cPanel yopanda SSH, ndipo chilichonse ndinkachikweza pa FTP, netiweki ikaduka pakati n'kuyambiranso. Koma chifukwa chachikulu chinali ofesi ya bursar. Tsiku lotsegulira sukulu makolo amandanda mpaka pageti, ndalama zili m'manja, ndipo bursar sangawauze kuti tadikirani netiweki ibwere. Ndinkafuna pulogalamu yoti iziyenda pa kompyuta ya mu ofesi momwemo, lisiti lizituluka ngakhale intaneti kulibe, kenako netiweki ikabwera zonse zizipita zokha ku seva yaikulu kuti mwini sukulu aziona ndalama zomwe zalowa ali kwina. Framework zomwe ndinaziyesa zinalibe zimenezo.

Ndiye ndinalemba router, class yolankhula ndi MySQL, ma template, login, malipoti a PDF pogwiritsa ntchito FPDF, kutumiza SMS kwa makolo, ndi gawo lolumikizitsa seva ziwirizo. Gawo lomalizali ndimanyadira nalo mpaka lero. Nambala ya lisiti lililonse imayamba ndi chizindikiro cha sukulu ndi cha kompyuta yomwe lalembedwapo, kotero makompyuta awiri sangatulutse nambala yofanana. Ndalama ikalembedwa sifufutidwa kapena kusinthidwa. Bursar akalakwitsa amalemba lisiti lobweza, ndipo onse awiri amaonekera. Chifukwa cha lamulo limeneli mabuku a ku sukulu ndi a pa seva amagwirizana, ngakhale magetsi azime zinthu zili mkati motumizidwa.

Koma PHP yenyeniyo yandisiya m'mbuyo. PHP 7.0 itachotsa ma function a mysql_ mu 2015 ndinakhala pansi n'kusamutsira zonse ku PDO, ndipo ndinakwawa nayo mpaka 7.4. Tsono 7.4 anasiya kuikonza mu Novembala 2022, ndipo a kampani ya hosting andilembera kuti aichotsa. Pa PHP 8 each() ndi create_function() kulibe, chikhalirecho mu khodi yanga zili mbwee. Chondiopsa koposa ndi mmene 8 imafanizira nambala ndi mawu: kale 0 == "" inkapereka true, pano imapereka false. Pali malo owerengera ngongole ya mwana pomwe khodi imadalira khalidwe lakalelo. Sipadzatuluka error ayi, padzangotuluka nambala yolakwika pa lisiti la kholo.

Kenako pali nkhani ya anthu. Achinyamata omwe ndimawalemba ntchito ndi akhama, koma akakanika penapake sangafunse pa Stack Overflow, tsamba lomwe olemba mapulogalamu amafunsiranapo mafunso, poti palibe wina padziko pano amene akuidziwa framework imeneyi. Amafunsa ine basi. Pakapita miyezi amachoka, ndipo sindiwadzudzula. Chaka chatha ndinagonekedwa m'chipatala ndi malungo sabata yotsegulira sukulu. Sukulu ina malisiti anasiya kutuluka, ndipo mayi akunyumba ndi amene ankandigwirira foni kukhutu, diripu ili pamkono, ine ndikuuza mnyamata wanga fayilo yoti atsegule ndi mzere woti asinthe. Titafika kunyumba anandifunsa kuti, "Mukanatisiya, anthu amenewa akanathamangira kwa ndani?" Ndinasowa choyankha.

Komanso tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA. Mu ma database angawa muli maina a ana, manambala a foni a makolo, ndi manambala a ziphaso za unzika za mamembala a SACCO. A Laravel kapena a Django akapeza bowo la chitetezo amalengeza n'kutulutsa zokonzera. Mabowo a yangayi palibe akuwafufuza kupatula akuba.

Ndiye mtima wanga wavomera kuti ipume. Chomwe sindikudziwa ndi njira yake. Ndilembenso zonse mu Laravel nthawi imodzi? Ndiike khodi yakaleyi poyera pa GitHub, tsamba logawanirapo khodi, mwina ena n'kuitola? Nanga mwini sukulu ndimuuza bwanji kuti alipire ntchito yomwe ikatha sikirini izioneka monga inalili kale?

Nachisale_25 anayankha:

Bambo WaKuBiwi, ine ndilankhula ngati mmodzi wa achinyamata ochoka aja. Ntchito yanga yoyamba inali pa framework ya abwana anga, yolembedwa bwino ndithu, ndipo ndinaphunzirapo zambiri. Koma ndikapita ku intaviyu ankandifunsa za Laravel, Django ndi React, zomwe ndinkadziwazo panalibe wozifuna. Ndiye mwachita bwino kuona mbali imeneyo.

Koma chonde musalembenso zonse nthawi imodzi. Mudzakhala chaka chathunthu mukusamala sisitimu ziwiri, yakale ikufuna zokonza tsiku ndi tsiku, yatsopano isanabweretse ngakhale 1 tambala.

Chitani monga umachitira mtengo wa kachere. Umamera pa mtengo unzake, n'kumatsitsa mizu pang'onopang'ono mpaka mtengo wakalewo kuuma, kachere ataima kale payekha. Martin Fowler anatenga fanizo la mitengo ya mtundu womwewu mu 2004 pofotokoza njira yosinthira sisitimu yakale. Muimike Laravel pambali pa yakaleyo, zonse ziziwerenga database imodzi. Pa VPS (seva yobwereka yomwe mumaiyendetsa nokha) mutha kuyendetsa PHP-FPM ziwiri, ya 7.4 ndi ya 8, Nginx, pulogalamu yolandira maadiresi pa seva, n'kumasankha: adiresi yomwe mwasamutsa izipita ku Laravel, zotsala zonse ku yakale. Muyambe ndi masamba ongowerenga, monga malipoti ndi mndandanda wa ana, chifukwa akalakwika palibe ndalama yomwe yasowa. Kenako kulembetsa ana, ma SMS, magiredi. Zolandira ndalama zibwere pamapeto penipeni.

Chomwe chidzakuvuteni poyamba ndi login, poti munthu asamalowe kawiri. Ife tinasamutsa login koyambirira, session n'kumasungidwa mu database, ndipo yakaleyo tinangoiphunzitsa kuyang'ana mu table imeneyo.

Kanengo_Dev anayankha:

Achimwene, ine ndikutsutsa pang'ono. Aliyense akuthamangira Laravel ngati ikalowa ndiye mavuto atha. Laravel imatulutsa version yaikulu chaka chilichonse, ndipo zokonza za chitetezo zimabwera kwa zaka 2 zokha pa version iliyonse. Ndiye kuthamanga komwe mukukuthawa pa PHP mukakupezanso kumeneko. Laravel 11 imafuna PHP 8.2 kupita m'mwamba. Makompyuta a mu ofesi za ma bursar aja mwawaona bwino? Ena ndi omwewo omwe munaikapo mu 2014.

Ndalama nazonso. VPS imalipidwa m'madola. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo tonse tikudziwa mmene kulipirira zinthu zakunja ndi khadi kumavutira. Sukulu yomwe imadandaula ndi mtengo wa hosting ya cPanel mukaiuza za VPS mudzamva zina.

Mavuto a PHP 8 omwe mwatchulawo ali ndi zida zake. PHPCompatibility ikuonetsani paliponse pomwe pali function yochotsedwa, Rector isintha zambiri yokha, PHPStan ikuthandizani kupeza malo omwe mitundu ya ma variable ikusokonekera. Mukatero muzichotsa zigawo zanu chimodzichimodzi n'kuikamo za Symfony, framework inanso ya PHP, kudzera mu Composer, chida choikira zigawo zopangidwa kale: routing, HttpFoundation, chitetezo cha ma form. Laravel yomweyo inamangidwa pa zigawo za Symfony. Pamapeto pake framework yanu idzatsala kachigawo kochepa komangirira zinthu zomwe aliyense akuzidziwa. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi yowerengeka, osati zaka.

MkuluWaKu47 anayankha:

A WaKuBiwi, ndawerenga zonse mwachifatse, ndipo choyamba ndikuti musachite manyazi ndi zomwe munapanga. Ruby on Rails inachokera mu Basecamp, David Heinemeier Hansson ataitulutsa mu 2004. Django inabadwira ku nyuzipepala ya mumzinda wa Lawrence ku Kansas, n'kutulutsidwa mu 2005. Zonsezi zinayamba monga yanuyo, anthu akuthetsa vuto la pa ntchito pawo. Kusiyana kwake n'kwakuti izo zinapeza anthu ambiri ozisamala, yanuyi yatsala pa msana panu nokha.

Ndikufuna musiyanitse zinthu ziwiri zomwe zili mu khodi yanuyo. Router, ma template ndi login n'zoti aliyense ali nazo, ndipo ena amazipanga bwino kuposa inu ndi ine chifukwa alipo ambiri. Zimenezo zisiyeni zipite, musazilire. Koma kulumikizitsa seva ya mu ofesi ndi yaikulu, manambala a malisiti, lamulo lija loti ndalama sifufutidwa, zimenezo simukazipeza mu Laravel. Muzichotse bwinobwino, muziike mu package yakeyake ya Composer, muzilembere ma test ndi kabuku kofotokoza. Muno mu Lilongwe momwemuno tili ndi chitsanzo. A Baobab Health popanga sisitimu za touchscreen za m'zipatala anatenga Ruby on Rails ndi MySQL zomwe zinalipo kale, mphamvu zawo n'kuziika pa zomwe zinali zathu zenizeni: sikirini yoti namwino azingodina ndi chala, malebulo a barcode pa kabuku ka wodwala, makina osadya magetsi ambiri. Nzeru yake ndi yomweyo.

A Kanengo_Dev anena zoona pa za ndalama, koma njira yawo sikuyankha funso la mayi akunyumba kwanu. Ngakhale muikemo zigawo za Symfony, mmene mwazimangirira mudzakhala mukudziwa inu nokha. Mnyamata wodziwa Laravel akatsegula project ya Laravel amadziwa pomwe pali ma route, ma migration ndi ma controller asanafunse munthu.

Tsopano chenjezo langa lalikulu. Choopsa polembanso sisitimu si khodi yomwe mukuikumbukira, koma timalamulo tomwe munaika zaka zapitazo n'kuiwala. Mwana wa mphunzitsi amalipira theka. Wachitatu m'banja limodzi amachotseredwa zakutizakuti. Wobwera pakati pa teremu amawerengeredwa mwina. Ku SACCO, chiwongoladzanja cha munthu amene walipira mochedwa chimawerengedwa kuyambira tsiku liti, nanga matambala otsala amakwezedwa kapena kutsitsidwa? Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse, zili mu ma if omwe ali mkati mwa mafayilo. Musanasinthe kanthu tengani kope ya database ya chaka chatha, muiyendetse pa yakale, musunge ngongole ya mwana aliyense ndi ya membala aliyense. Yatsopano ikatha muiyendetse pa kope yomweyo, mufananize mzere ndi mzere mpaka pa tambala. Pomwe zasiyana ndiye kuti mwapeza lamulo lomwe munaliiwala.

Za GitHub, musaike khodi yonse panopa. Masukulu akadali pa iyo, ndipo mukhala mukuonetsa akuba pomwe pali mabowo. Mudzatulutse package ya kulumikizitsa ija yokha, itayeretsedwa. Imeneyo ndikukhulupirira kuti ena aitola, poti vuto la netiweki silili ku masukulu anu okha.

MayiWaMalisiti anayankha:

Pepani ndalowerera nkhani ya akatswiri. Ine si wa makompyuta, ndine bursar pa sukulu ina ku Area 25, ndinalowa muno chifukwa cha mwana wanga amene akuphunzira zimenezi. Sisitimu yathu si yanu achimwene, koma anatisinthirapo, ndiye ndikudziwa mmene zimawawira.

Musadzasinthe masabata awiri oyamba a teremu, makamaka yoyamba ya mu Seputembala. Musaganizenso kuti holide ya Ogasiti timakhala tilibe chochita, ndi nthawi yomwe timalembetsa ana atsopano. Pakati pa teremu yachiwiri ndi pomwe timapumako.

Chinanso, musasunthe mabatani. Ine ndimalemba lisiti osayang'ana kiyibodi: nambala ya mwana, Tab, ndalama, Tab, njira yolipirira, Enter, pepala n'kutuluka. Atatisinthira anaika kabokosi kofuna mbewa pakati pa zimenezi, ndipo mzere unkafika panja. Kholo lina labwera ndi silipi ya ku banki, lina likundionetsa meseji ya Airtel Money, lina ya Mpamba, lina lagawa ndalama imodzi kwa ana atatu. Bwerani mudzakhale mu ofesi tsiku limodzi lotanganidwa muone manja athu mmene amayendera musanajambule sikirini yatsopano. Printer ya malisiti nayo muiyese pa makina athu enieniwo, osati pa laputopu yanu.

Za kulipira, mwini sukulu musakamuuze za PHP, sadzamva. Kamuuzeni kuti panopa amene angakonze sisitimu yake ndi munthu mmodzi m'Malawi muno, ndipo ikatha ntchitoyi adzakhala ambiri. Anthu amenewa amaopa kudalira munthu mmodzi. Ndipo muikemo kena kooneka ndi maso, monga kholo kutha kuona ngongole ya mwana pa foni, chifukwa mafoni ofunsa zimenezo amatitopetsa. Mtengo wake muugawe pa materemu, musaubweretse wonse pakamodzi.

WaKuBiwi anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi a malisiti, zomwe mwanena za Tab ndi Enter ndazilemba papepala n'kuzimata pakhoma, ndipo ndikakhala nawo mu ofesi ya bursar teremu ikubwerayi.

A Kanengo_Dev, ndatenga theka la maganizo anu. Njira ya kachere itenga nthawi, ndipo sindingasiye zolandira ndalama pa 7.4 mpaka nthawi imeneyo. Ndiye ndiyamba ndi PHPCompatibility ndi Rector kuti yakaleyi iyende pa 8, nditapanga kaye kufananiza komwe akulu a ku 47 afotokoza, kuti nkhani ya 0 == "" ija igwidwe isanafike pa lisiti. Zikatero zonse ziwiri zizitha kuyenda pa PHP imodzi, ndipo mwina masukulu ang'onoang'ono sangafunike VPS. Koma kuisunga mpaka kalekale ayi. Kuyambira lero sindiwonjezeramo chatsopano chilichonse, ndipo kasitomala watsopano aliyense ayambira pa Laravel. Pa makompyuta akale aja mwandikumbutsa chinthu chofunika. Ndiyendera sukulu iliyonse ndione zomwe zilipo ndisanalonjeze tsiku.

SACCO ndiisiya kumapeto. Komiti yawo imakumana mwa apo ndi apo, ndipo ndalama za anthu zili mmenemo n'zambiri kuposa za sukulu iliyonse.

Ma password akale ali pa njira yakale yobisira ya MD5 yothira salt, poti password_hash() inadzabwera mu PHP 5.5 mu 2013. Maganizo anga ndi akuti munthu akalowa koyamba pa login yatsopano, ndiyese password yake m'njira yakale, ikagwirizana ndiisunge pa njira yolimba ya bcrypt n'kufufuta yakaleyo. Amene sadzalowa pakatha teremu adzapatsidwa yatsopano.

Chomwe chandiimitsa usiku wathawu ndi ichi. Ndinalumikiza Laravel ku kope ya database ya sukulu ina, ndipo paliponse pomwe pali chilembo cha ŵ pakutuluka Åµ. Dzina la dziko pamutu pa lisiti likuoneka MalaÅµi, maina ena a ana chimodzimodzi. Pa sisitimu yakale zonse zikuoneka bwinobwino. Ma table amasunga zilembo m'njira ya latin1, yomwe ilibe ŵ. Achemwali a Nachisale, munakumanapo nazo?

Nachisale_25 anayankha:

Eya bambo, tinakumana nazo. Yakaleyo imatumiza ma byte a UTF-8 kudzera pa connection ya latin1, MySQL n'kumangowasunga osadziwa kuti ndi chiyani. Chilembo cha ŵ ndi ma byte awiri, C5 ndi B5, omwe mu latin1 ndi Å ndi µ. Laravel imalumikiza ndi utf8mb4, ndiye MySQL ikuwamasulira ngati zilembo ziwiri.

Musagwiritse ntchito CONVERT TO CHARACTER SET mwachindunji, chifukwa isunga zolakwikazo mpaka kalekale. Column iliyonse ya mawu muisinthe kaye ikhale VARBINARY kapena BLOB, kenako muibweze ku VARCHAR kapena TEXT ya utf8mb4. Mukatero ma byte sasintha, chimasintha ndi mmene MySQL ikuwawerengera. Tsiku lomwelo musinthenso charset mu DSN ya PDO ya sisitimu yakale ikhale utf8mb4, apo ayi iyamba kuonetsa ? pamalo pa ŵ. Ndipo poti muli ndi makompyuta a m'maofesi omwe amatumiza ku seva yaikulu, sukulu iliyonse muisinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mutatsimikiza kaye kuti palibe lisiti lomwe likudikira kutumizidwa. Muyese pa kope, ndipo mufufuzenso ngati pali maina omwe wina analowetsa kudzera pa phpMyAdmin, chifukwa amenewo akhoza kukhala atasungidwa mosiyana ndi anzawo.